Malamulo a M'bwato pa Mtsinje wa Shire

Madzi onse a mvula amene amagwa pa phiri la Soche, natsika m'makhwaŵa a ku Chilobwe, Chimwankhunda ndi Zingwangwa, ulendo wake umakathera mu mtsinje wa Shire. Mtsinjewo suli kutali, pakuti kuchokera mu mzinda wa Blantyre kukafika pa mlatho wa ku Chikwawa ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 50. Komabe mwana wobadwira ku Chilobwe akhoza kukula mpaka kumera ndevu asanagwirepo nkhafi. Tsiku limene adzaitanidwe ku maliro ku Makhanga, kapena kukagula nsomba ku Nsanje, kapena kukayamba ntchito ya uphunzitsi kutsidya kwa mtsinje, adzapezeka ataima pa dooko, bwato lili patsogolo pake, iye osadziŵa n'komwe kuti m'bwato muli malamulo.

Ku maiko kumene kupalasa ngalaŵa ndi maseŵero, makalabu a opalasa amalemba malamulo ao pa pepala, ndipo munthu salandiridwa kukhala membala asanawaŵerenge. Pa Shire malamulo otere sadalembedwe. Atate ankauza ana ao ali pa madzi pomwepo, nkhafi ili m'manja. Koma poyang'ana mbiri ya mtsinje umenewu kuyambira chaka cha 1859, pamene alendo adayamba kulemba zochitika zake, zikuoneka kuti malamulowo ndi amodzimodzi, ndiponso kuti lililonse mwa iwo lidagulidwa ndi moyo wa munthu kapena ndi chuma chimene chidamira osaonekanso.

Shire amatuluka m'nyanja ya Malaŵi ku Mangochi ndi kuyenda makilomita pafupifupi 400 kukathira mu Zambezi. Kumtunda, mpaka ku Matope, madzi ake ndi odekha. Pakati pali mathithi: Kholombidzo, Nkula, Tedzani, Mpatamanga ndi Kapichira, pamene mtsinje umatsika mamita oposa 300 ndipo bwato silingapite. Kumunsi, kuyambira ku Chikwawa, mtsinje umafutukuka nuloŵa m'madambo a bango ndi gumbwa. Kumeneku ndiye kwao kwa Amang'anja ndi Asena, anthu amene kuyambira kale adali kusema mabwato a mtengo umodzi, kuoloka nawo kupita ku madimba, kusodza nsomba, ndi kunyamula mchere, thonje ndi makasu. Pamene David Livingstone adakwera mtsinjewu mu Januwale 1859 pa sitima yake ya Ma Robert, adapeza anthu odziŵa kale dziŵe lililonse ndi mchenga uliwonse. Pambuyo pake anthu ena amene adabwera naye kuchokera kumtunda kwa Zambezi, otchedwa Amakololo, adakhazikika kwa Chibisa, pafupi ndi pamene pali boma la Chikwawa, ndipo ambiri a iwo adali akatswiri a nkhafi.

Lamulo loyamba la opalasa ndi lakuti dzuŵa likaloŵa bwato limangidwe. Nkhani imene imasonyeza kulemera kwa lamuloli ndi ya Bishopu Charles Mackenzie, mtsogoleri wa amishoni a U.M.C.A., amene adamanga mudzi wao ku Magomero m'chaka cha 1861. Bishopuyu adapangana ndi Livingstone kuti akakumane pa 1 Januwale 1862 pamene Ruo amathira mu Shire, kuti akachingamire mlongo wake Anne pamodzi ndi mkazi wa mbusa mnzake Henry Burrup, amene adali m'njira kuchokera ku nyanja ya mchere. Koma zochitika za ku Magomero zidamuchedwetsa, kotero kuti adanyamuka pa 3 Januwale, tsiku la pangano litapita kale. Idali nyengo ya dzinja, mitsinje itadzaza. Iye ndi Burrup adayenda pansi masiku angapo, ali chinyoŵere, mpaka kwa Chibisa, kumene adapeza bwato ndi Amakololo atatu oti awaperekeze.

Njira yao idadzera m'dambo lalikulu limene Livingstone adalitcha Elephant Marsh chifukwa cha unyinji wa njovu zimene adaziona kumeneko. Madzulo ena adakocheza kuti agone, koma udzudzu udachuluka kotero kuti tulo sitidabwere, ndipo popeza mitima idali kale pa changu, adamasula bwato napitirira ulendo usiku. Mu mdima bwato lidasokera njira, lidagunda mchenga, nkugubuduzika. Palibe amene adamira, pakuti madzi adali osaya. Koma katundu adanyoŵa, wina adapita ndi madzi, ndipo pakati pa zotayikazo padali mankhwala onse, kuphatikizapo kwinini, mankhwala okhawo amene panthaŵiyo adali kuchiza malungo.

Atafika pa chisumbu cha Malo, pa mathiriro a Ruo, adauzidwa kuti Livingstone adali atadutsa masiku oŵerengeka m'mbuyomo. Nayenso adali atachedwa, chifukwa sitima yake ya Pioneer idatitimira pa mchenga milungu isanu. Changu chonse cha usiku uja chidapita pachabe. Akulu adanena kuti kuthamanga sikufika. Aŵiriwo adakhala pa chisumbupo kudikira, opanda mankhwala. Malungo adawagwira, ndipo pa 31 Januwale 1862 Bishopu Mackenzie adamwalira ali ndi zaka 36. Burrup, ali wodwala, adamuika m'manda kumtunda kwa gombe pothandizidwa ndi Amakololo aja, amene pambuyo pake adamunyamula kubwerera naye ku Magomero. Kumeneko nayenso adatsikira kulichete mwezi wa Febuluwale usanathe. Amai aŵiri aja adafika kwa Chibisa mu Malichi, namva kuti wina alibenso mlongo, wina ndi wamasiye.

Pa ngozi imeneyi pali phunziro lachiŵiri limene opalasa akale ankalidziŵa. Chinthu chimene moyo wa ulendo wadalira sichiikidwa chonse m'phukusi limodzi, ndipo sichisiyidwa chosamanga. Bwato likagubuduzika, chimene chamangiriridwa ku bwato chimapezeka. Chimene changoikidwa chimapita. Lero kwinini adaloŵedwa m'malo ndi mankhwala ena, koma munthu amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, kapena mai wonyamula buku la chipatala la mwana, ali pa mlandu womwewo wa Bishopu Mackenzie.

Lamulo lina limanena za mathithi ndi madzi othamanga: pamene wopalasa sakudziŵa za kutsogolo, anthu atsike, katundu asenzedwe pamutu, bwato likokedwe ndi chingwe kapena linyamulidwe. Anzake a Livingstone adaphunzira zimenezi kaŵiri. Mu Novembala 1860, pobwerera kuchokera kwa Amakololo, adayesa kutsika m'mabwato pa mathithi a Kebrabasa pa Zambezi, kumtunda kwa Tete, malo amene tsopano adamizidwa ndi damu la Cahora Bassa. Bwato la Dr. John Kirk lidakankhidwira ku thanthwe nkugudubuka. Kirk adapulumuka atakangamira mwala, koma mabuku ake a zomera ndi zithunzi zimene adajambula pa ulendo wonsewo, pamodzi ndi zipangizo zake, zidapita ndi madzi.

Kachiŵiri kudali pa Shire pompano m'chaka cha 1863. Livingstone adafuna kufikitsa ngalaŵa ku nyanja, ndipo idanyamulidwa pa mtunda kulambalala mathithi. Itatsala pang'ono kufika pa madzi odekha, anyamata ena ochokera kumunsi kwa Zambezi adafuna kuonetsa kuti madzi amawadziŵa kuposa anzao, naiponya ngalaŵayo mu mtsinje. Mkokomo wa madzi udawalanda, ngalaŵa idatembenuzika, nitsetsereka pa mathithi, zonse zili m'kati. Ntchito ya masiku ambiri idatha m'kanthaŵi kochepa chifukwa cha matama, ndipo ulendowo udatsirizidwa wapansi. Patapita zaka 12, E. D. Young, amene adatsogolera amishoni a Livingstonia, adachita mwa njira ina. Sitima ya Ilala adaiphwasula kumunsi kwa mathithi, anthu mazanamazana amene mafumu a Amakololo adasonkhanitsa adasenza zidutswa zake pamutu, ndipo itamangidwanso kumtunda idaloŵa m'nyanja ya Malaŵi pa 12 Okotobala 1875. Wopirira adafika, odzionetsa adabwerera chimanjamanja.

Lamulo lachitatu ndi la mphepo, ndipo ili likhudza makamaka kumtunda kwa Shire, nyanja ya Malombe ndi nyanja yaikulu imene mtsinjewu umachokerako. Asodzi a kumeneko amayamba ayang'ana mitambo ndi nkhope ya madzi asanakankhe bwato, ndipo amaopa kwambiri mwera, mphepo ya kumwera imene imaomba m'miyezi yachisanu. Mu Sepitembala 1861 Livingstone, mng'ono wake Charles, Kirk ndi mmalinyero John Neil adaloŵa m'nyanjayi pa ngalaŵa ya nkhafi zinai imene adainyamula kulambalala mathithi. Tsiku lina namondwe adawapeza ali kutali ndi gombe, ndipo adakhala maola asanu ndi limodzi ataponya nangula, mafunde akuwakhuthukira, osatha kupita kutsogolo kapena kubwerera. Kuyambira pomwepo adayamba kumvera malangizo a John Neil ndi kukokera ngalaŵa yao pa mtunda usiku uliwonse. Livingstone adaitcha nyanja ya anamondwe.

Chenjezo limeneli lidakwaniritsidwa moopsa patapita zaka 85. Sitima ya Vipya, imene idapangidwa ku Glasgow ndi kumangidwa pa nyanja pompano, idayamba kunyamula anthu m'chaka cha 1946. Pa 30 Julayi chaka chomwecho, uli ulendo wake wachinai, idanyamuka ku Mbamba Bay kuloza ku Florence Bay, kumene tsopano kumatchedwa Chitimba. Nyanja idali itakalipa. Mafunde adaipendeketsa, ndipo poti idali yolemera kumwamba, idatembenuzika nkumira m'kanthaŵi kochepa. Anthu 145 adafa, ambiri a iwo ali m'zipinda za pansi mmene sadathe kutulukamo. Mpaka lero imeneyi ndiyo ngozi yaikulu koposa zonse ya pa nyanja ya Malaŵi. Sitima imene idaloŵa m'malo mwake, Ilala yachiŵiri, idayamba kuyenda m'chaka cha 1951, ndipo yatumikira zaka zoposa 70. Ngati mphepo idagonjetsa sitima yachitsulo ya injini ziŵiri, kuli bwanji bwato la mtengo? Wopalasa akanena kuti lero sikuyendeka, amene ali pa changu adekhe mtima, ngakhale mwambo wa maliro uyambe iye kulibe.

Pali mfundo ina pa nkhani ya nyengo imene anthu a mu mzinda ayenera kuisunga. Ku chigwa kukhoza kukhala dzuŵa lang'aa, koma mtsinje nkudzaza mwadzidzidzi chifukwa cha mvula imene yagwa ku mapiri a Blantyre, Thyolo ndi Mulanje. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagumula matope ndi miyala pa phiri la Soche, nakwirira nyumba ndi anthu ambiri ku Chilobwe. Madzi omwewo adatsikira ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kumene anthu adapulumutsidwa pa mabwato kuchokera m'mitengo ndi pa zulu. Madzi ofiira, onyamula zitsa, nthochi ndi zinyalala, ndi chizindikiro chakuti kumtunda kwagwa chimvula, ndipo wopalasa wanzeru amayamba waona ngati akukwera kapena akuphwa asanalole munthu kukwera.

Lamulo lachinai, limene limaswedwa kaŵirikaŵiri masiku ano, ndi la kulemera kwa bwato. Bwato lililonse lili ndi muyeso wake. Likadzaza kotero kuti milomo yake yatsala pang'ono kupsompsona madzi, kafunde kakang'ono, kapena munthu mmodzi woimirira mwamantha, akwanira kulimiza. Nchifukwa chake okwera amauzidwa kukhala pansi, pakatikati, osaimirira, osapendekera mbali imodzi, ndipo chokapira madzi chimakhala pafupi ndi dzanja. Vuto ndi lakuti mwini bwato amalandira ndalama pa mutu uliwonse, ndipo okwera safuna kudikira ulendo wachiŵiri. Kusoŵa kwa milatho nako kumaumiriza anthu. Pamene chigumula cha 1997 chidadula njanji ndi msewu pakati pa Bangula ndi Chiromo, anthu a kutsidya la kum'maŵa adatsala ndi mabwato okha, ndipo malo oolokerapo amadziŵika ndi dzina lakuti Mtayamoyo. Dzina lokhalo likukamba nkhani yonse.

Kulemera kumagwirizana ndi ngozi ina, ya mvuu ndi ng'ona, zimene zili zambiri mu Shire kuyambira ku Liwonde mpaka ku Nsanje. Mvuu imakhala m'madzi masana ndi kutuluka usiku kukadya msipu, kotero kuti m'bandakucha ndi chisisira ndizo nthaŵi zimene imakumana ndi mabwato pafupi ndi gombe. Yaukali koposa ndi imene ili ndi mwana, ndiponso yamphongo yoteteza dziŵe lake. Opalasa ozoloŵera amagogoda m'mbali mwa bwato ndi nkhafi kuti mvuu zivuuke zioneke pamene zili, ndipo amazisiyira njira yothaŵira ku madzi akuya. Kunena za ng'ona, dzanja kapena phazi sililendeŵetsedwa m'madzi. Bwato lopepuka likhoza kukhota msanga ndi kuzemba nyama; lolemedwa silimva nkhafi. Pa 15 Meyi 2023, ku Nsanje, bwato limene lidanyamula anthu 37 opita ku minda kutsidya kwa Shire lidagundidwa ndi mvuu nkugubuduzika. Mtembo wa mwana wa chaka chimodzi udapezeka tsiku lomwelo, ndipo anthu 23 adasoŵa. Mlandu udagwera mvuu, koma chiŵerengero cha okwerawo chidasonyeza kuti panalinso china chimene anthu akadatha kupeŵa.

Boma lidayesa kuika zina mwa zimenezi m'buku. Lamulo loona za maulendo a pa madzi la m'chaka cha 1995 lidapatsa nthambi ya boma yoyang'anira za pa madzi mphamvu yolemba zombo m'kaundula, kuziyendera, ndi kupereka ziphaso kwa oziyendetsa, ndipo ku Monkey Bay kuli sukulu yophunzitsa amalinyero. Koma madooko a m'mbali mwa Shire ndi ochuluka, ndipo ambiri ali kutali ndi ofesi iliyonse. Pa dooko la kumudzi, woyendera wamkulu ndi wopalasa mwini, nyakwaŵa ya mudziwo, ndi wokwera amene alimba mtima nkunena kuti anthu akwana.

Tsono nkoyenera kuyerekeza zonsezi ndi malamulo a makalabu aja amene adatchulidwa poyamba. Mpikisano wa ngalaŵa za nkhafi udachitika pa Zambezi pafupi ndi tauni ya Livingstone m'chaka cha 1905, chaka chimene mlatho wa pa mathithi a Victoria udatha kumangidwa. Pa 18 Ogasiti 1910 pamalo pomwepo padachitika mpikisano wolimbirana ukatswiri wa dziko lonse wa munthu wopalasa yekha, ndipo Richard Arnst wa ku New Zealand adapambana Ernest Barry wa ku England. Adapikisana pa madzi a mvuu ndi ng'ona, mathithi aakulu ali kumunsi kwao. Ngakhale ku England, pa mtsinje wa Thames, kumene sukulu za ukachenjede za Oxford ndi Cambridge zidayamba kupikisana m'chaka cha 1829, madzi sadasankhe nkhope: m'chaka cha 1912 ngalaŵa zonse ziŵiri zidadzaza madzi chifukwa cha mphepo mpaka mpikisano udabwerezedwa, ndipo m'chaka cha 1978 ya Cambridge idamira anthu akuonerera.

Zimene makalabu otere amalamula ndi izi. Membala ayambe wasonyeza kuti amatha kusambira atavala zovala. Ku Britain muyeso wake ndi mamita 50. Woongolera ngalaŵa avale jekete yoyandamitsa nthaŵi zonse. Ofuna kupita pa madzi alembe m'buku maina ao, nthaŵi yonyamuka ndi kumene aloŵera, kuti akachedwa anthu adziŵe koyambira kufunafuna. Ngalaŵa iyenderedwe isanaikidwe pa madzi. Usiku, pa nkhungu, pa mphenzi kapena mtsinje ukadzaza, wamkulu wa kalabu ali ndi mphamvu yoletsa ulendo, ndipo mau ake satsutsidwa. Ngalaŵa ikagubuduzika, munthu aikangamire, asathamangire kusambira yekha kupita ku gombe, pakuti ngalaŵa imayandama ndipo imaoneka patali kuposa mutu wa munthu. Pa madzi amalankhula ndi mmodzi yekha, woongolera.

Wopalasa wa ku Chiromo atamva mndandanda umenewu sangadabwe ndi kanthu, kupatula mwina jekete ndi buku. Usiku amaudziŵa, mphepo amaidziŵa, ndipo amadziŵa kuti bwato la akapitao aŵiri silifika kutsidya. Chimene kalabu ili nacho choposa ndi chakuti malamulo ake amagwira aliyense mofanana, wolemera ndi wosauka, wachangu ndi wodekha, ndipo woswa lamulo amaimitsidwa ngakhale ngozi isadachitike. Pa Shire lamulo limakumbukika maliro atachitika, kenaka nkuiŵalikanso. Magulu a eni mabwato pa madooko ndi makomiti a asodzi a m'mbali mwa nyanja akhoza kutseka mpata umenewu popanda ndalama zambiri: kulemba pa bwato chiŵerengero cha anthu oyenera kukwera, kugwirizana ola lomaliza kuolotsa, kusunga majekete makamaka a ana, ndi kukhala ndi kope lolembamo onyamuka.

Kwa omvera a ku Chilobwe ndi m'madera ena a mu mzinda, amene amafika pa dooko kamodzi pa chaka, mbali yao ndi yochepa koma yofunika. Afike dzuŵa likadalipo. Aŵerenge anthu ali m'bwato ndi kuyang'ana pamene madzi alekezera, ndipo likadzaza adikire ulendo wina, ngakhale anzao awaseke kuti ndi amantha a m'tauni. Mankhwala ndi makalata azimangirire m'thupi. Ana akhale pakati pa akulu. Afunse eni dera za mvuu ndi za madzi, pakuti safunsa adadya phula. Akakwera akhale pansi, akhale chete, amvere wogwira nkhafi ya kumbuyo.

Manda a Bishopu Mackenzie adakumbidwa pafupi ndi Chiromo, m'dera lomwelo limene mabwato akuolotsabe anthu m'maŵa ndi madzulo. Munthu ameneyu adali katswiri wa masamu wa ku Cambridge, wamphamvu ndi wolimba mtima, ndipo adali ndi opalasa odziŵa ntchito yao. Chimene chidasoŵa ndi kupirira udzudzu kwa usiku umodzi mpaka kunja kuche.